Kathovu ka mu levulo kamathawira kuti, ndipo n'chifukwa chiyani?

[Kamera ili pa khoma la njerwa lomwe likumangidwa ku Salima. Pamwamba pake pali levulo. Tikuyandikira kabotolo kamadzi obiriwira.]

Moni nonse amene mukutionera. Tayang'anitsitsani apa. Kathovu aka kachoka pakati pa mizere iwiriyi, kapita kudzanja lamanja. Ndiye tandiuzani, mbali iti ya khomali yakwera? Yankhani kaye chamumtima.

Yakwera ndi ya kumanja. Kathovu kamapita komwe kwakwera, nthawi zonse. Mnyamata wongoyamba kumene ntchito akasokoneza zimenezi amawonjezera dothi kumbali yomwe yakwera kale, mmisiri n'kudzagumula mzere wonse.

[Woulutsa wanyamula botolo lapulasitiki lamadzi, losadzaza kwenikweni, lotseka bwino.]

Chifukwa chake chili m'botolomu. Madzi ndi olemera kuposa mpweya, choncho amatsikira pansi n'kukankhira mpweyawo pamwamba. Ndikaligoneka botololi n'kukweza kukamwa kwake pang'ono, thovu likuthamangira kukamwa. Ndikakweza kumatako, labwerera. Koma mwaona vuto lake? Thovuli silikufuna kuima pakati, likungochoka uku n'kufika uko. Botolo lowongoka silingakuuzeni kuti khoma lapendekeka mochuluka bwanji.

Apa ndi pomwe pali luso la chipangizochi. Kabotolo ka mu levulo si kowongoka ayi. Kena amakapinda pang'ono, kena amakasema mkati kuti pakati pakhale potukuka ngati mimba ya ng'oma. Levulo ikagona bwino, malo okwera kwambiri m'kabotolomo amakhala pakati penipeni, ndipo kathovu kamakhazikika pamenepo. Ikapendekeka, malo okwerawo amasuntha, kathovu n'kuwatsatira. Kupindikako kukachepa, kathovu kamayenda mtunda wautali ngakhale kupendekeka kuli kochepa zedi. N'chifukwa chake malevulo a anthu oyeza misewu ndi milatho amamva msanga kuposa iyi ya pa njerwa.

Nanga madzi obiriwirawa? Si madzi akumwa. Kawirikawiri mumakhala mowa wa spiriti, wa mtundu womwewo umene umaledzeretsa m'kachasu, kapena mafuta opepuka. Spiriti siyikakamira kugalasi, ndiye kathovu kamayenda mosavuta n'kukhazikika msanga, komanso kumayiko ozizira siyiundana ngati madzi. Utotowo ndi wongothandiza maso.

Ife akunyanja tili ndi nkhani yathu. Dzuwa la mu Okutobala kuno ku Salima mukulidziwa. Spiriti ikatentha imafufuma, ndipo popeza kabotolo n'kotseka, kathovu kamachepa. Masana mungaone kuti sikakufika pa mizere yonse iwiri monga kamachitira m'mawa. Levulo sinawonongeke, ingoonetsetsani kuti mpata wa kumanja ndi wa kumanzere ukufanana. Komabe musamaisiye pa malata masana onse, dzuwa limafwifwitsa utoto uja.

Amene anapanga chida chimenechi ndi Melchisédech Thévenot wa ku France, cha m'ma 1661, ndipo pambuyo pake anadzakhala woyang'anira mabuku a mfumu Louis XIV. Panapita zaka zambiri amisiri asanachizolowere. Aigupto akale ankayeza ndi matabwa atatu okhomedwa ngati chilembo A, pakati palendewera chingwe cha mwala, chida chomwe alimi athu akuchigwiritsabe ntchito.

[Levulo ili patebulo. Woulutsa akulemba ndi pensulo m'mbali mwake.]

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa levulo imatha kunama. Ikagwa kuchokera pamwamba pa khoma, kabotolo kamatha kusuntha pang'ono m'chipinda chake, maso osaona kanthu. Zina zotsika mtengo zimachoka kufakitale zili zonama kale. Kuiyesa sikufuna ndalama, ndipo tebulo lake silifunika kukhala lowongoka.

Ndaigoneka apa, ndalemba pomwe yathera. Kathovu kapendekera pang'ono kumbali ya zenera. Tsopano ndikuitembenuza, mutu upite komwe kunali mchira, pamalo omwewo ndalembawa. Kathovu kakabwereranso kumbali ya zenera, ndi mpata womwewo, levulo ili bwino, lopendekeka ndi tebulo. Koma kakatsatira levuloyo n'kupita kumbali ya chitseko, kapena kakaima pakati, chidacho chili ndi vuto. Kabotolo kachiwiri, koyezera kuimirira kwa khoma ndi mafelemu a zitseko, mumakayesa chimodzimodzi: igundikeni kukhoma, tembenuzani, igundikeninso pomwepo. Ine ndimati chitani zimenezi mu shopu momwemo musanatulutse ndalama. Wogulitsa akakwiya, pitani kwina.

Ya mu foni ilinso chimodzimodzi. M'menemo mulibe madzi kapena thovu, muli kachipangizo kamagetsi komva kumene dziko likukokera, ndipo thovu la pagalasilo ndi chojambula chabe. Pokhoma shelefu imathandiza. Pa maziko a nyumba, foni ndi yayifupi kwambiri, ndipo kamera yotukuka kumsanayo imaipendeketsa.

Si paliponse pofunika kathovu kakhale pakati. Pansi pa bafa, pakhonde, payipi yotaya madzi, zonsezi zimafuna kutsetsereka. Mapulambala ambiri amatsitsa payipi ya kuchimbudzi masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Njira yake ndi iyi: tengani levulo yotalika mita imodzi, mumangirire kathabwa kokhuthala masentimita 2.5 kunsi kwa nsonga yake, nsongayo iloze komwe madzi akupita. Kathovu kakaima pakati, kutsetserekako kwakwana.

[Anthu awiri ali m'makona awiri a maziko, agwira payipi yoonekera mkati yodzaza madzi.]

Nyumba ikakhala yayitali, kusuntha levulo ya mita imodzi kuchokera kona ino mpaka kona iyo kumaunjika zolakwika. Apa amisiri amatenga payipi yoonekera mkati. Madzi a m'chotengera chimodzi akadekha amaima pa msinkhu umodzi, kaya payipiyo yazungulira mulu wa mchenga kapena yadutsa kuseri kwa khoma. Mmisiri amaika madziwo pa chizindikiro chake, n'kufuula kuti "Lemba pamenepo!", mnyamata kumbali inayo n'kulemba.

Chodabwitsa n'chakuti m'payipimu thovu ndiye mdani. Mpweya ukatsala mkati, mbali imodzi imapepuka ndipo madzi amakwera mopitirira. Choncho thirani madzi mpaka thovu lonse lituluke, kenako gundanitsani nsonga ziwirizo muone ngati madzi akulingana. Powerenga chotsani chala kukamwa kwa payipi, muone kuti palibe amene waiponda, ndipo isakhale theka padzuwa theka mumthunzi, chifukwa madzi otentha amapepukirapo.

[Munda wotsetsereka, kumtunda kwa msewu wochoka ku Salima kupita ku Lilongwe.]

Kumunda nakonso kathovu kali pa ntchito. Alangizi a zaulimi amabwera ndi kalevulo kakang'ono ka ngowe, kokoleka pa chingwe chomangidwa ku ndodo ziwiri pa msinkhu wofanana. Anthu ake atatu: awiri agwira ndodo, wachitatu akuwerenga. Wakutsogolo amasuntha ndodo yake chokwera kapena chotsika mpaka kathovu kaime pakati, akhome chikhomo, apite patsogolo. Zikhomozo ndizo zimasonyeza podutsa akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa chitsetse cha munda, pomwe ena amabzalapo udzu wa vetiva kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Chingwe chikhale chokoka ndithu, ndipo kalevuloko kakolekedwe pakati penipeni. Chingwe chilichonse chimagwa pang'ono pakati, ndiye mukakakoleka pafupi ndi ndodo imodzi kakuwerengerani kugwa kwa chingwecho, akalozera anu n'kumatsikira kumbali imodzi ya munda.