Mawu a m'mawa: Wapambana lero, nanga nthawi yonse ikuti bwanji?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno achokera pa Ahebri 12:1, pamene tikuuzidwa kuti titaye cholemetsa chilichonse, tithamange mopirira mpikisano umene waikidwa patsogolo pathu.

Mwezi wa Julayi ukafika, okonda mpikisano wa njinga wa Tour de France sasowa chokambirana. Zotsatira zikangotuluka madzulo, mkangano wabuka. Wina akuti, "Wathu wawina lero, chikho chapita basi." Mnzake wagwira njakata chifukwa amene amamuchemerera walowa wa nambala 80, akuti ameneyo watha. Kawirikawiri onse awiri amakhala alakwitsa, chifukwa ayang'ana pepala limodzi pomwe mapepala alipo awiri.

Mpikisanowu uli ndi magawo 21 m'masabata atatu, kupumula masiku awiri okha, mtunda wonse kupitirira makilomita 3,000. Pepala loyamba limangonena za lero, kuti wadutsa mzere poyamba ndani. Lachiwiri limaphatikiza nthawi ya munthu aliyense kuyambira tsiku loyamba, ndipo amene nthawi yake ili yochepa kuposa onse ndiye amavala jezi yachikasu. Onse amene alowa ali m'chigulu chimodzi amalembedwa nthawi imodzimodzi. Ndiye kuti wa nambala 80 uja, ngati sanaduke pa gulu, sanataye kanthu. Atatu oyambirira okha ndiwo amachotseredwa masekondi 10, 6 ndi 4 ngati mphotho. Ngakhale munthu atagwa kapena tayala kumuphwera m'makilomita atatu omaliza a gawo lathyathyathya, malamulo amamupatsa nthawi ya gulu limene anali nalo ngoziyo isanachitike. Poti chimene chimawerengedwa ndi nthawi yonse, Chris Froome anatenga mpikisano wonse wa 2017 osapambana gawo ngakhale limodzi.

Ambirife timadziweruza ndi pepala la lero. Dzulo zikakhala kuti zinayenda, timadzuka ngati tafika kale, pemphero n'kulifupikitsa. Zikakhala kuti sizinayende, timadzuka titataya mtima, ngati Mulungu watseka buku lathu. Paulo polemba kalata yake yomaliza kwa Timoteo sanawerenge masiku amene anapambana. Anati wamaliza njira yake, wasunga chikhulupiriro (2 Timoteo 4:7). Ameneyu ndi munthu amene anakwapulidwapo, kuponyedwa miyala, ngalawa kumuswekera katatu. Pa pepala la tsiku ndi tsiku akanaoneka wolephera kambirimbiri.

Tsono tisathamangire kunena kuti lero lilibe ntchito. Nthawi yonse ija imapangidwa ndi masiku omwewa, pang'onopang'ono ndi mtolo. Mpikisano wa 1989 masapota amaukambabe mpaka pano. Pofika tsiku lomaliza, Laurent Fignon anali patsogolo pa Greg LeMond ndi masekondi 50. Gawo lotsiriza linali lopalasa aliyense payekha molimbana ndi wotchi, makilomita 24.5 kuchokera ku Versailles kukalowa mu Paris. LeMond anamangirira pa handulo timikono totambasukira kutsogolo, navala chipewa chodula mphepo. Fignon anapalasa mutu uli pamtunda. LeMond anamuposa ndi masekondi 58, natenga mpikisano wonse ndi masekondi 8. Anthu amakangana za handulo ija ndi chipewa chija, ndipo n'zomveka. Koma masekondi 8 pa makilomita opitirira 3,200 akanatha kutayika paliponse, pa kona imodzi yokhota mwamantha, pa chikweza chimodzi chimene munthu anazengereza kutsatira mnzake.

Chaka chomwecho panachitikanso china chimene sichikambidwa kwambiri. Pedro Delgado, amene anali atapambana chaka cha 1988, anafika poyambira ku Luxembourg atachedwa ndi mphindi 2 ndi masekondi 40. Pa gawo lolimbana ndi wotchi, wotchiyo imayamba pa nthawi imene anakuikira, ukhalepo usakhalepo. Anamaliza mpikisanowo ali wachitatu, mphindi 3 ndi masekondi 34 kumbuyo kwa LeMond. Mbali yaikulu ya kusiyanako anaitaya asanaponde n'komwe pedulo. Inu amene mukuwerenga mawu awa muli kale pa liwiro, wotchi ya lero inayamba. Chimene Yesu ananena pa Luka 16:10 za kukhulupirika m'chaching'ono chili m'zinthu ngati izi: mawu akuthwa amene simunapepese, lonjezo limene mukulikankhira mawa, mphindi khumi za pemphero zimene foni yadya.

Apa tiyenera kunena poyera kuti fanizo la njinga lili ndi polekezera. Mu Tour de France sekondi yotayika siifufutidwa, umaisenza mpaka kumapeto. Kwa Khristu si choncho. Akolose 2:14 akuti kalata ya mangawa athu anaifafaniza, naikhomera pamtanda. Timasamala za masekondi a lero chifukwa tikufuna kumaliza bwino, osati kuti tigule chipulumutso.

Tsopano tikambe za chimene chimagwetsa akatswiri ambiri, chimene pa kanema sichioneka. Masapota akaona mtsogoleri watsalira mwadzidzidzi pa phiri lomaliza amati wakalamba, kapena alibe mtima. Nthawi zambiri vuto limakhala la m'mimba, ndipo linayamba maola awiri m'mbuyomo. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakwanira pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a kupalasa mwamphamvu, pomwe gawo la m'mapiri limatenga maola anayi, asanu, nthawi zina kupitirira. Choncho opalasa a masiku ano amadya magalamu 90 mpaka 120 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse: timakeke ta mpunga, timapaketi ta gel (madzi a shuga okhathamira), ndi zakumwa za shuga m'mabotolo a theka la lita. Amayamba kudya m'ola loyamba, mimba ikadali yokhuta, n'kumabwereza pakangopita mphindi 20 kapena 30. Wodikira kuti njala imuwawe wachedwa kale, chifukwa chakudya chimatenga nthawi kuti chifike m'magazi, ndipo gulu silidikira. Zimalakwika pati? Tsiku la mphepo ya m'mbali aliyense amalimbirana malo kutsogolo, palibe wofuna kuchotsa dzanja pa handulo. Tsiku lamvula zala zimauma, munthu kulephera kutsegula paketi. Pa mtsetse wautali maso ali pa makona. Ola limadutsa osaponya kanthu m'kamwa. Winanso amadya zambiri zimene mimba yake sinazolowere pokonzekera, n'kutsegula m'mimba. Ndipo kumapeto kwa gawo malamulo amaletsa kulandira chakudya kuchokera m'galimoto ya timu. Froome yemwe uja anakumana nazo pa phiri la Alpe d'Huez mu 2013. Shuga atamuthera, mnzake Richie Porte anabwerera ku galimoto kukamutengera gel nthawi yololedwa itadutsa, ndipo onse awiri anawonjezeredwa masekondi 20.

Werengani 1 Mafumu 18 ndi 19 motsatizana. Pa phiri la Karimeli Eliya anapambana anthu onse akuona, moto unatsika, mvula inagwa. Chaputala chotsatira tikumupeza pansi pa kamtengo m'chipululu, akuthawa Yezebeli, akupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamudzutsa kuti adye mkate, amwe madzi. Atagonanso anamudzutsa kachiwiri, nati adye chifukwa ulendo wamukulira. Ndi mphamvu ya chakudya chimenecho anayenda masiku 40 mpaka ku Horebu. Tsiku loopsa ndi lotsatana ndi chipambano, pamene mwapereka zonse ndipo simunabwezeretse kanthu. Abusa, atsogoleri a mapemphero, amayi osamalira odwala, mawu awa ndi anu makamaka. Musadikire kuuma kuti mutsegule Baibulo. Ikani nthawi yake, pang'ono koma pafupipafupi, ndipo thupi nalo muligoneke, mulidyetse. Opalasa njinga akangodutsa mzere amayamba kudya pomwepo, chifukwa chakudya cha madzulo ano ndi miyendo ya mawa.

Porte uja akutikumbutsa za anthu amene pepala siliwatchula bwino. Timu iliyonse ili ndi anthu 8, ndipo ambiri mwa iwo sanapite kukapambana. Amatchinga mphepo, poti wopalasa kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Amatsikira ku galimoto kukalonga mabotolo m'jezi, ndipo mtsogoleri tayala likamuphwera amamupatsa lawo, ngakhale njinga imene. Akatha ntchito amapatukira pambali n'kulowa mphindi 20 m'mbuyo. Mwambo wake ngwakuti wopambana amagawana ndi anzake mphotho ya mayuro 500,000. Davide anaika lamulo lotere kalekale pa 1 Samueli 30:24, kuti gawo la wopita kunkhondo lifanane ndi la wotsala kulondera katundu.

Mkangano wina masapota amaupewa chifukwa umawawa. Mukatsegula mndandanda wa opambana, zaka za 1999 mpaka 2005 mulibe dzina. Lance Armstrong anaimirira pa nsanja kasanu ndi kawiri, koma mu 2012 analandidwa zonse chifukwa cha mankhwala oletsedwa. Zotsatira zimene tikuombera m'manja lero zikhoza kutsegulidwanso. 2 Timoteo 2:5 akuti wopikisana savekedwa korona akapanda kupikisana motsata malamulo.

Titsirize ndi akumbuyo, chifukwa ena mwadzuka muli kumeneko. Gawo lililonse lili ndi malire a nthawi, amene amawerengedwa kuchokera pa nthawi ya wopambana malinga ndi kuvuta kwa njira ndi liwiro la tsikulo. Tiyerekeze kuti wopambana watenga maola asanu ndipo malire ndi 12 peresenti: otsalira ali ndi mphindi 36, akapitirira apo amatulutsidwa mu mpikisano. Akatswiri a liwiro la pa mzere, amene matupi awo ngolemera, m'mapiri amavutika zedi. Amasonkhana m'kagulu kakumbuyo kotchedwa gruppetto, anthu a matimu osiyanasiyana, adani a dzulo. Mmodzi wodziwa bwino amawerengera kuti pa chikweza chilichonse ataye mphindi zingati. Pokwera amasunga liwiro limodzi kuti wofooka asaduke, pa mtsetse amatsika molimba mtima kuti abweze nthawi, m'chigwa amasinthana kutsogolo, botolo ndi chakudya n'kumapatsirana. Amene amatuluka mu mpikisano kawirikawiri ndi amene watsala yekha pakati, kapena amene chifukwa cha manyazi anakakamira gulu lakutsogolo mpaka mphamvu kumuthera. Mark Cavendish, mmodzi wa akatswiri a liwirowa, mu 2024 anapambana gawo lake la nambala 35 pa zaka zonse zimene anapalasa mpikisanowu, kuposa magawo 34 a katswiri wakale Eddy Merckx. Mpikisano womwewo anaumaliza ali wotsiriza pa onse, maola opitirira asanu ndi limodzi kumbuyo kwa wopambana Tadej Pogačar, ndipo anafika ku Nice, kumene mpikisanowo unathera, anthu akumuimbira m'manja.

Ngati nyengo ino ndi ya matenda, ya maliro kapena ya ngongole, ntchito yanu lero si kupambana gawo. Musadziyerekeze ndi amene ali kutsogolo, ndipo musabise kutsalira kwanu. Uzani m'bale mmodzi kapena awiri lero lomwe, mupemphere pamodzi, monga Agalatiya 6:2 akutiuza kuti tisenzerane zothodwetsa.

Tipemphere. Atate, kumbukirani abale ndi alongo athu amene adzuka miyendo ili yolemera. Apatseni anzawo oyenda nawo, ndipo ife amene lero tili ndi mphamvu mutipatse mtima wochepetsa liwiro kuti asaduke. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.