Kuchokera ku Chicago: mkamwini amene anayambitsa mzinda uno

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli ku Mzuzu, ku Joni kapena kuno ku America. Lero za lendi ndi chisanu tizisiye kaye, ndikudziwa mwatopa nazo.

Ndikamapita kuntchito ndimadzera msewu wa m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Kuyambira 2021 msewuwu umatchedwa Jean Baptiste Pointe DuSable Lake Shore Drive. Dzinali n'lotopetsa, ambiri amangoti Lake Shore basi. Koma mwini dzinalo ndi amene ndikufuna timudziwe.

DuSable anali munthu wakuda, wamalonda. Ndiye mlendo woyamba kumanga nyumba n'kukhazikika pamene mtsinje wa Chicago umakumana ndi nyanja, ndipo pofika 1790 anali atakhala kale pamenepo. Nthawi imeneyo kunalibe zinyumba zosanjikizanazi. Kunali madambo ndi eni nthaka, anthu a mtundu wa Potawatomi.

Chimene chimandisangalatsa n'choti anakwatira mkazi wa mtundu womwewo, dzina lake Kitihawa. Kwathu tikanangoti mkamwini. Ine ndimaona kuti malonda ake anayenda chifukwa cha chibale chimenechi. Munthu wobwera sungagule zikopa kwa anthu amene sakukukhulupirira. Ngakhale ife kuno, ntchito yoyamba ambirife tinaipeza kudzera mwa munthu wakutchalitchi kapena mlamu wa mnzathu.

Ndipo sanali wamalonda wapachikwama ayi. Pogulitsa malo ake kwa Jean La Lime mu 1800, kalata yogulitsira inatchula nyumba, chigayo choyendetsedwa ndi hatchi, nyumba yophikira buledi, makola, ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zambirimbiri. Tangoganizani, m'tchire muli buledi wotentha!

Pambuyo pake m'nyumbamo munalowa mzungu, John Kinzie, ndipo kwa zaka zambiri mabuku ankatama iyeyo ngati tate wa mzindawu. DuSable anamwalira mu 1818 ku St. Charles, m'dera la Missouri, chuma chitamuthera. Mpaka mu 1968 ndi pamene boma la Illinois ndi mzinda wa Chicago anavomereza kuti woyambitsa ndi iyeyu. Zaka 150 munthu ali m'manda, abale anga.

Amene mudzabwere kudzandichezera, ndidzakutengerani ku mlatho wa DuSable pa Michigan Avenue, pafupi ndi pamene panali nyumba yake. Chifanizo chake chamkuwa chili pomwepo. Koma mudzabwere mu Julayi, osati mu Januwale, mungadzandide.