Mawu a m'mawa: kambalame kamutu wofiira

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tili pa Mateyu 6:26, paja Yesu akuti tayang'anani mbalame, sizifesa, sizikolola, nkhokwe zilibe koma Atate amazidyetsa.

Ndiye tiyeni tiyang'anedi imodzi, koma siyakuno. Kumpoto kwa Australia cha ku Darwin uko ndi kum'mwera kwa New Guinea kuli kambalame amati red-headed myzomela. Kutalika masentimita 12 basi, kulemera magalamu 8, tingoti masipuni awiri a shuga amene mwathira mu tiyi m'mawa uno. Kakamuna mutu wonse psuu ngati kauviika mu penti, mapiko akuda, pamwamba pa mchira pofiiranso, pomwe kakakazi ndi kotuwa chabe kufiirira pang'ono kumaso.

Kwawo kwake sikumunda wa maluwa ayi, ndi m'mitengo ya mangrove ija yomera m'matope m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndipo sikakhazikika, uku kalowetsa mlomo wake wokhota mu duwa kutapa timadzi totsekemera ndi lilime lokhala ngati kaburashi kunsonga, uku kawakha kachilombo, kenaka kali pa mtengo wina, ngati timbalame tathu toyamwa maluwa tija ngakhale sipachibale. Ukali nawo kali nawo eeh, kakapeza mtengo wamaluwa kamathamangitsa anzake. Pamenepo pokha tisatengerepo chonde.

Mwaona eti? Atate amakadyetsadi koma sakaponyera chakudya m'chisa, kamadzuka nkukasaka.

Koma chandigwira mtima ndi ichi. Kakamalowetsa mutu m'duwa mungu umakakamira pa nthenga zake, nkukausiya pa duwa lina, mtengo uja nkubereka. Ikotu sikadziwa nkomwe kuti kakugwira ntchito imeneyo, kangofuna kukhuta. Ndiye inu amayi mukudandaula kuti ine Mulungu ndimutumikira liti poti tsiku lonse ndimathera pa benchi ya tomato, inu achimwene a kabaza mukuti moyo wanga ndi wongosaka ya ufa basi, kodi mukudziwa kuti mwana munamufikitsa kusukulu nthawi yabwino uja, kapena agogo munawaikira pulaizi aja, kunyumba anakanena kuti Mulungu wandiona lero?

Tipemphere. Atate, tikutuluka kukasaka chakudya chalero, mutitsogolere, ndipo amene tikumane nawo asabwerere chimodzimodzi. M'dzina la Yesu, Ameni.