Kabati yadzaza koma chovala palibe: mmene mungakonzere zovala zanu

[Pa kanema: kabati yotsegula, zovala zothinana pa mahang'ala.]

Moni nonse owonera. Ambiri a ife tinaimapo m'mawa kutsogolo kwa kabati yodzaza moti chitseko chikukanika kutsekeka, koma n'kudandaula kuti tilibe chovala. Dandaulo limeneli nthawi zambiri limakhala loona, chifukwa zovalazo zinagulidwa chimodzichimodzi, chilichonse pa tsiku lake ndi chifukwa chake, ndipo palibe amene anafunsa ngati siketi yatsopanoyo ili ndi malaya oyendera nayo limodzi.

Njira imene tikambirane lero imadziwika ndi dzina lakuti capsule wardrobe. Anaitchukitsa ndi Susie Faux, amene anali ndi sitolo ya zovala ku London m'zaka za m'ma 1970, ndipo mfundo yake inali yakuti munthu akhale ndi zovala zochepa zolimba, zosatha msanga fasho, kenaka aziwonjezerapo zingapo malinga ndi nyengo. Mu 1985 Donna Karan, katswiri wopanga masitayelo a zovala wa ku New York, anaonetsa zovala zisanu ndi ziwiri zokha zimene mayi angathe kumasinthanitsa kuyambira ku ntchito mpaka madzulo. Mu 2010 Courtney Carver anayambitsa Project 333, yomwe imapempha munthu kuti avale zinthu 33 zokha kwa miyezi itatu. Ine sindikuona kuti nambalayo ndi lamulo, pakuti mphunzitsi, mlimi ndi namwino sangakhale ndi zosowa zofanana. Chofunika n'chakuti pakhale malire amene mwadziikira nokha.

[Pa kanema: dzanja likutembenuza mahang'ala.]

Musanagule kanthu, yambani mwadziwa zimene mumavaladi. Tembenuzani mahang'ala onse kuti ayang'ane kumbuyo, ndipo chovala chilichonse mukachivala n'kuchichapa, muchibwezere hang'ala yake itayang'ana kutsogolo. Pakatha miyezi itatu kabati idzakuuzani yokha zoona. Zimene sizinasunthe muziyese chimodzichimodzi: china chimangofuna telala kuti achepetse m'chiuno kapena asinthe zipi, china chinakuthinani kalekale ndipo chingathandize munthu wina, pomwe china ndi cha nyengo ina ndipo chingodikira nthawi yake.

Zimene zinasuntha kawirikawiri ndizo maziko anu. Kwa anthu ambiri zimakhala mathalauzi kapena masiketi a mtundu wodekha, jinzi imodzi yokwana bwino, malaya angapo opanda maluwa ambiri, juzi, jekete, ndi nsapato ziwiri kapena zitatu zosiyana ntchito. Mphamvu ya zovala zotere ili m'masamu. Malaya 5 amene aliwonse amagwirizana ndi mathalauzi kapena masiketi 4 amakupatsani mavalidwe 20 osiyanasiyana, chonsecho zovalazo ndi 9 zokha. Koma masamuwa amagwira ntchito pokhapokha mitundu ikugwirizana, n'chifukwa chake ndi bwino kuti maziko akhale a mitundu iwiri kapena itatu, monga wakuda, wotuwa kapena wabuluu woderako, ndipo mitundu yowala ibwere pa zinthu zing'onozing'ono.

[Pa kanema: malaya atatembenuzidwa kunja kukhala mkati.]

Apa ndikufuna tichedwepo pang'ono, chifukwa chovala cha maziko chimavalidwa ndi kuchapidwa kambirimbiri, ndipo chikakhala chofooka dongosolo lonse limagwa. Mukachigwira m'sitolo, chitembenuzeni muone msoko. Kokani pang'ono mbali ziwiri za msokowo; ngati ulusi ukutambasuka mpaka kuwala kukudutsa, chovalacho sichikhalitsa. Fumbatani nsaluyo m'dzanja kwa kanthawi n'kuisiya, muone ngati yakwinyika kwambiri, poti mudzakhala mukuisita tsiku lililonse. Gwedezani mabatani, tsegulani ndi kutseka zipi kangapo. Kenaka werengani kansalu kolembedwa kamene kali mkati. Thonje limayamwa thukuta ndipo limapitisa mpweya, koma limatha kufupika likachapidwa m'madzi otentha. Ubweya wa nkhosa umafunda bwino ngakhale utanyowa pang'ono. Poliyesita sachedwa kuuma ndiponso sakwinyika msanga, koma amasunga fungo la thukuta ndipo ambiri amamva naye kutentha.

Maziko akakhazikika, kugula kwa nyengo kumakhala kwapafupi. Nyengo yozizira kapena yotentha ikamayandikira, lembani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikusowekadi, ndipo chilichonse chikhale choti chigwirizane ndi zovala zosachepera zitatu zimene muli nazo kale. Chimene mwachikonda koma sichili pa mndandanda, chisiyeni kwa sabata imodzi. Ngati mukuchiganizirabe, bwererani mukachionenso. Poyerekeza mitengo, gawani mtengo wa chovala ndi maulendo amene mudzachivale. Jekete yodula imene mudzaivale maulendo 100 imakhala yotchipa kuposa diresi yotsika mtengo imene mudzaivale kawiri n'kuiiwala.

Nkhaniyi imakhudzanso dziko lonse. Lipoti la bungwe la Ellen MacArthur Foundation la mu 2017 linaonetsa kuti chiwerengero cha zovala zopangidwa padziko lapansi chinawirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, pomwe maulendo amene chovala chimavalidwa chisanatayidwe anatsika ndi 36 peresenti. Zambiri mwa zovala zimenezo zimathera kudzala kapena kuwotchedwa.

[Pa kanema: zovala zoyanikidwa pamthunzi.]

Chotsala ndi kasamalidwe. Zovala za mitundu yakuda muzizichapa m'madzi ozizira zitatembenuzidwa, ndipo muziziyanika pamthunzi kuti zisasuluke. Juzi musaipachike pa hang'ala chifukwa imatamuka m'mapewa, muziipinda. Batani likayamba kugwedera lisokeni tsiku lomwelo lisanataike, ndipo zovala za nyengo imene yatha muzisunge zitachapidwa ndi kuuma bwinobwino, pakuti njenjete zimakonda nsalu yokhala ndi thukuta.