Maliro a ku Warsaw, maliro a ku Tokyo

Takulandiraninso abale anga, ndine ndemwe uja wa ku Tokyo. Lero tikambe za maliro, pepani ngati mwayamba kale kudya.

Pa 10 April 2010 ndinali pa sukulu ku Warsaw, likulu la dziko la Poland. Loweruka m'mawa tinangomva kuti ndege ya pulezidenti wa dzikolo, Lech Kaczyński, yagwa ku Smolensk, ku Russia, anthu onse 96 atha. Ankapita kukakumbukira anthu a ku Poland amene anaphedwa m'nkhalango ya Katyn mu 1940. Pofika madzulo msewu wa Krakowskie Przedmieście, kumaso kwa nyumba ya pulezidenti, unali makandulo okhaokha, aja a m'timabotolo tofiira amaika pamanda. Phula kumata nsapato. Agogo atagwada pamsewu, korona m'manja, nyimbo za kutchalitchi zili mkati. Ine mwana wa ku Dedza ndinati eya, iyi ndi siwa, ndikuidziwa.

Koma siwa yake sinachedwe kusanduka bwalo la milandu. Anthu anakangana zoika pulezidentiyo ku Wawel, manda a mafumu. Anakangana za mtanda wa matabwa umene achinyamata a skauti anazika kumaso kwa nyumba ya pulezidenti ija, mpaka mu August anthu kukankhana ndi alonda. Mayi amene ndinkachita lendi kwawo anasiya kulonjerana ndi mlamu wawo chifukwa cha mtandawo.

Chaka chisanathe ndinali kuno ku Tokyo, ku Japan. Pa 11 March 2011 chivomerezi, kenako tsunami, anthu oposa 15,000 anapita. Ndinatchera khutu kuti ndimve kulira. Zii. Anthu ali pamzere kusitolo, osakankhana. Magetsi otsatsa malonda ku Shibuya, dera la mu Tokyo muno, anazimitsidwa, ambiri anasiya maphwando oonera maluwa a sakura. Eni ake amati jishuku, kudziletsa pamene anzako ali m'masautso. Ndisaname, ndinawayesa ouma mtima.

Panali bambo wina kuntchito, kwawo ku Miyagi, kumpoto kumene tsunami inasakaza. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ankangowerama kupepesa kuti foni yawo ikutisokoneza. Patapita milungu iwiri ndi pomwe ndinamva kuti usiku uliwonse ankasanthula mindandanda ya m'malo othawirako kufunafuna dzina la mayi awo. Ndinapita kukawagwira dzanja mwa kwathu, dzanja lina pachigongono, ndati pepani bambo. Anadzidzimuka, nkundithokoza kawiri, nkubwerera pa kompyuta.

Tinagwira limodzi zaka zinayi, nkhaniyo sanaitchulenso. Kungoti pa 11 March paliponse, nthawi ikamayandikira 2:46 masana, ankavala jekete, nkupita kukaima okha pazenera loyang'ana kumpoto.