Mlembi Wofatsa Nayenso Amakopa Owerenga

Moni nonse amene mukutiwonera kuchokera kuno ku Blantyre ndi madera ena, makamaka ophunzira a Fomu 4 amene mukukonzekera mayeso a MSCE. Lero tikambirana momwe mungazindikirire njira zimene mlembi amagwiritsa ntchito pofuna kukukopani. Ngati ndinu atsopano, dinani batani la subscribe tisanapite patali.

Choyamba, funsani kuti walemba ndani, ndipo akufuna kuti inu muchite chiyani mukamaliza kuwerenga. Chachiwiri, fufuzani zipangizo monga chibwereza, voko (mawu okokomeza), miyambi ndi funso lachodziwadziwa (funso losafuna yankho). Izi aphunzitsi anu adakuphunzitsani kale, choncho sindichedwapo.

Chachitatu ndi chimene chandibweretsa pano. Anthu ambiri amakhulupirira kuti nkhani yokopa ndi yokhayo yokalipa kapena yodzaza ndi malonjezo, ngati mapepala a asing'anga omatidwa pamitengo ya magetsi ku Limbe, ndipo amati nkhani yolembedwa mofatsa, yokhala ndi manambala, siyikondera mbali. Maganizo amenewa amandikwiyitsa chifukwa ndi amene amapusitsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri.

Tiyeni titenge chitsanzo. M'mwezi wa Novembala 2023, mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo m'mwezi womwewo bungwe la IMF, lomwe limabwereketsa ndalama ku mayiko, lidavomereza kupereka ngongole ku Malawi. Mlembi wina akhoza kutchula 44 peresentiyo, kenako n'kufotokoza za mayi wa ku Ndirande amene walephera kugula shuga ndi mafuta ophikira. Wina akhoza kutchula nambala yomweyo, kenako n'kufotokoza za ngongoleyo monga umboni woti obwereketsa ndalama ayambanso kutikhulupirira. Palibe amene wanama, palibenso amene wakweza mawu, koma woyambayo akufuna kuti mukwiye pomwe wachiwiriyo akufuna kuti mupirire. Kukopa kwagona pa zimene aliyense wasankha kuika pafupi ndi nambalayo komanso pa zimene wazisiya.

Onaninso chiganizo chimene ndangonena ine, chakuti "mphamvu ya kwacha idatsitsidwa". Kodi adaitsitsa ndani? Chiganizocho sichikunena. Mlembi amene akufuna kuti wina asaimbidwe mlandu amakonda aneni otere, pomwe wofuna kuloza chala amayamba ndi dzina la wochitayo. Lembani m'munsimu mbali imene yakukokani pakati pa alembi awiri aja, ndidzawerenga ndemanga zonse.

Chachinayi ndi kamvekedwe ka nkhani. Iwerengeni mokweza, ndipo mumva ngati mlembi akudandaula, akulangiza, akunyoza kapena akuchonderera. Poyankha funso la mayeso musangolemba kuti nkhaniyo ndi yachisoni ayi. Tchulani mawu enieni amene akusonyeza chisonicho, chifukwa yankho lopanda umboni silikhutiritsa wochonga.

Mu vidiyo ya sabata yamawa tidzasanthula limodzi ndemanga ya mkonzi wa nyuzipepala, ndime ndi ndime. Tumizirani anzanu a m'kalasi vidiyoyi pa WhatsApp, ndipo dinani kabelu kaja kuti musadzaphonye.