Mwana wokhuta koma wochepa magazi: nkhani ya ayironi kuno ku Joni

(Kamera ionetse tebulo: kapu ya tiyi, buledi magawo awiri, botolo la mkaka.)

Moni nonse a ku Yeoville, Mayfair, Diepsloot ndi kwina kulikonse kumene mukutionera. Taonani patebulopa. M'nyumba zambiri za Amalawi kuno ku Johannesburg, kadzutsa wa mwana wa zaka ziwiri ndi ameneyu, mayi ake akuthamangira taxi mbandakucha. Mwana amakhuta ndithu, mwinanso ndi wonenepa, koma magazi ake angathe kukhala ochepa.

Thupi limafuna ayironi, umodzi mwa michere yopezeka m'zakudya, kuti lipange hemoglobin, chimene chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya wabwino kupita nawo ku ubongo ndi ziwalo zonse. Mwana amabadwa ndi kankhokwe kake ka ayironi kochokera kwa mayi, koma kamatha akamafika miyezi 6, ndipo kwa wobadwa masiku asanakwane kamatha msanga. Kuyambira miyezi 7 mpaka 12 amafunika mamiligalamu 11 patsiku. Bambo ake, amene amasenza matumba a simenti tsiku lonse, amafunika 8 okha. Kamimba nkakang'ono, choncho supuni iliyonse yolowamo iyenera kukhala yaphindu.

(Wolankhula anyamule kapu ya tiyi.)

Ndiye apa ndiyambane nanu pang'ono. Tiyi wakuda ali ndi tannin, amene amagwira ayironi wa m'chakudya n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Mwana akatsitsira phala ndi tiyi, mbali ina ya ayironi imangodutsa. Ndikudziwa, tonse tinakulira tiyi, agogo anganene kuti sitinafe. Inde, koma ena tinkasinza m'kalasi popanda wodziwa chifukwa chake. Mkaka wa ng'ombe nawo uli ndi ayironi wochepa kwambiri. Mwana asanakwanitse chaka asaumwe m'malo mwa bere, ndipo akapitirira chaka makapu awiri patsiku akwana. Amene amayenda ndi botolo kukamwa tsiku lonse akafika pa ndiwo amapukusa mutu.

Chabwino n'chakuti kuyambira 2003 malamulo a South Africa amakakamiza kuti ufa wa chimanga ndi ufa wa buledi uthiridwe ayironi ndi mavitamini. Ufa wakumudzi umene amalume amatsika nawo basi ku Park Station ndi wokoma, sindikukana, koma ngati unagayitsidwa pachigayo wamba mulibe zowonjezerazo.

(Kamera ionetse mbale: chiwindi cha nkhuku, usipa wosinja, nyemba, bonongwe, lalanje.)

Ayironi amene thupi limamulandira mosavuta ali mu nyama ndi nsomba. Chiwindi cha nkhuku ndi chotsika mtengo ku butchala, kamodzi pasabata chakwana. Usipa muukazinge pang'ono, muusinje wonse ndi mitu yomwe, muthire supuni imodzi m'phala. Nsomba za m'chitini nazonso zili bwino. Nyemba, nkhwani ndi bonongwe, amene anzathu kuno amati morogo, zimafuna mnzake: tomato, lalanje kapena gwafa pa chakudya chomwecho, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi wa m'masamba kulowa. Zakumwa zofiira za shuga zija siziwonjezera magazi ayi, n'zofiira mtundu chabe.

Kokerani pansi chikope cha mwana, muone mkati mwake. Muonenso zikhatho ndi lilime. Zikakhala zotuwa, mwana akumatopa msanga, kulira pafupipafupi kapena kudya dothi, tengani kabuku kake ka kusikelo ka Road to Health mupite naye ku kiliniki akamuyeze magazi. Komweko amapereka mankhwala a njoka za m'mimba miyezi 6 iliyonse kuyambira mwana ali ndi chaka. Mukabwera naye kuchokera kumudzi pa Khirisimasi, anamwino muwauze kumene munali, chifukwa malungo ndi likodzo zimachepetsanso magazi.

Akakupatsani mankhwala a ayironi, chimbudzi cha mwana chimada, musaope. Mlingo wake ndi umene anena anamwino, ndipo botololo, pamodzi ndi mapilitsi a mayi oyembekezera, muike pamwamba posafika mwana. Akamwa ambiri nthawi imodzi angathe kufa nawo.